GITALA LA MAKAUBOYI LIDAYANKHULA CHINYANJA M'MANJA MWA ALICK NKHATA

 Sabata ino tipumuleko pa nkhani za madzi ndi misewu, tikambe za nyimbo.

Pali funso limene limabuka kawirikawiri anthu akakhala pamthunzi kuthawa dzuwa la Tete lino. Kodi n'chifukwa chiyani nyimbo za ku America zotchedwa country zidakhazikika chonchi pakati pathu? Dalaivala wa thiraki wochokera ku Cuchamano kupita ku Zóbuè amaziyika m'galimoto mwake, mwini baraka amazitsegula Lamulungu masana anthu asanachuluke, ndipo agogo amene Chingerezi sachidziwa ngakhale liwu limodzi amagwedeza mutu akamva Jim Reeves kapena Don Williams. Achinyamata ena ophunzira amati umenewu ndi ukapolo wa m'maganizo. Ena, makamaka amene ali ndi timagitala tawo, amaganiza kuti luso ndiko kuyimba ndendende ngati mzungu mpaka kupinda mphuno. Magulu awiri onsewa ayenera kumva mbiri ya malemu Alick Nkhata, woyimba ndi mtsogoleri wa bandi wa ku Lusaka, amene funsoli adaliyankha kalekale, ambiri a ife tisanabadwe.

Tisanafike kwa a Nkhata, tiyambe taona kumene nyimbozi zidachokera. Kumwera kwa America kuli timabala ta m'mphepete mwa msewu timene eni ake amatitcha honky-tonk. Kunena mwachidule, ndiwo mabaraka awo. Boma la America lidaletsa mowa kuyambira 1920 mpaka 1933, ndipo chiletsocho chitatha timabala totere tidaphuka ngati bowa m'madera a Texas ndi Oklahoma, kumene amuna ambiri adasiya minda ndi mabanja kukagwira ntchito m'zitsime za mafuta. Munthu wotere akalandira malipiro safuna nyimbo ya maluwa ndi mwezi ayi. Amafuna yomukumbutsa mkazi amene adamusiya kumudzi, ndalama zimene zathera m'botolo, ndi manyazi amene adzuke nawo m'mawa mwake. Nyimbo za honky-tonk zidabadwa kuti zikwaniritse njala imeneyo.

Gogo wa oyimba onsewa adali Jimmie Rodgers wa ku Mississippi, wantchito wa panjanji amene adayamba kujambula nyimbo mu 1927 namwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1933. Iyeyu adatchuka ndi kayimbidwe kothyola mawu, kukwera ndi kutsika ngati mbusa woyitana mnzake tsidya la dambo. Mnyamata wina wa ku Texas, Ernest Tubb, ankamutsanzira kwambiri kotero kuti mkazi wamasiye wa Rodgers adachita kumubwereka gitala la malemuyo. Koma kutsanzirako sikudamufikitse patali. Mu 1939 madokotala adamuchita opaleshoni ya pakhosi ndipo sadathenso kuthyola mawu ngati Rodgers. Apo ndi pamene adakakamizika kuyimba ndi mawu ake enieni ndi kupeka nyimbo zakezake. Mu 1941 nyimbo yake yotchedwa Walking the Floor Over You idagulidwa kwambiri, ndipo bandi yake ya Texas Troubadours idayenda naye mpaka ukalamba. Adalinso mmodzi wa oyamba kulowetsa gitala la magetsi m'nyimbozi, poti eni makina oyimbira mbale m'mabala ankadandaula kuti gitala wamba silimveka anthu akayamba kulongolola. Taonani, abale anga, ngakhale kwa eni akewo wotsanzira adakhala munthu tsiku limene adaleka kutsanzira.

Wina wotchuka kuposa onse adali Hank Williams wa ku Alabama, mtsogoleri wa bandi ya Drifting Cowboys. Amene amati nyimbozi n'zachizungu zokhazokha amve izi: Williams adaphunzira gitala kwa munthu wakuda woyimba m'misewu, dzina lake Rufus Payne. Ngakhale banjo, chida chimene sichisowa m'nyimbo za kumidzi ya ku America, chidachokera ku zida za akapolo otengedwa ku Africa. Tsono pamene nyimbozi zinkawoloka nyanja kubwera kuno, sizinkabwera ngati mlendo weniweni. Zinali ngati mdzukulu wobadwira kutali amene wabwera kudzaona kwawo kwa agogo, chilankhulo chasintha koma kayendedwe n'ka pamtundu.

Nanga zidafika bwanji kuno? Paja m'zaka zimenezo amuna a chigawo chino sankakhalitsa pakhomo. Pothawa chibalo ndi msonkho wa Apwitikizi, ambiri ankawoloka malire kupita m'mapulazi ndi m'matauni a Southern Rhodesia, ena ku migodi ya malasha ku Wankie, ena ku Joni, enanso ku migodi ya kopa ya Northern Rhodesia. Kumeneko ankakumana ndi anzawo a ku Nyasaland ndi a ku Fort Jameson, kumene lero timati Chipata, onse oyankhula chilankhulo chathu chino. M'makomboni a migodi ankaonetsa mafilimu a makauboyi, abusa a ng'ombe okwera akavalo aja, ndipo anthu adawakonda kwambiri mpaka ngwazi ya m'filimu iliyonse ankangoitchula kuti Jack. Masitolo ankagulitsa magalamafoni opukusa ndi mbale zake, kuphatikizapo za Rodgers. Mtchona wobwerera kumudzi ndi njinga, jekete ndi gitala ankalandiridwa ngati mfumu. Ndipo chimene chinkaliza mwamuna wa m'zitsime za mafuta ku Texas ndi chomwecho chinkaliza mwamuna wa ku Macanga ali m'komboni ku Wankie: kukhala kutali ndi kwawo, kuwopa kuti mkazi watopa n'kudikira, ndi kuona malipiro a mwezi wonse akutha usiku umodzi. Chilankhulo sankachimva, koma chisoni ankachizindikira.

Alick Nkhata adakulira m'nyengo imeneyi. Adabadwa mu 1922 ku Kasama, kumpoto kwa dziko limene tsopano ndi Zambia, chaka chimodzi chokha Hank Williams asanabadwe. Adali a msinkhu umodzi, ngakhale kuti nyanja yaikulu idawalekanitsa. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itabuka, a Nkhata adalowa usilikali ndipo adatumizidwa ku Burma, kumene asilikali ambiri a ku Northern Rhodesia ndi Nyasaland adakamenyana ndi Ajapani m'nkhalango zowirira. Adabwerako ali munthu woona dziko, wodziwa Chingerezi, ndipo gitala lili m'manja.

Chimene chidawasiyanitsa ndi anyamata ena a magitala chidachitika nkhondo itatha. Adagwira ntchito ndi Hugh Tracey, mzungu amene adathera moyo wake akuyendayenda m'midzi ya kuno kumwera ndi kum'mawa kwa Africa ndi makina ojambulira mawu. Tracey ameneyu ndi yemwe uja adalemba buku la timbila za Achopi a m'dziko lathu lino mu 1948, ndipo mu 1954 adakhazikitsa nkhokwe ya nyimbo yotchedwa International Library of African Music, imene tsopano ili pa yunivesite ya Rhodes ku South Africa. Ndi iyenso amene mu 1950 adapeza Akipsigis a ku Kenya akuyimba nyimbo yotchedwa Chemirocha, lomwe ndi dzina la Jimmie Rodgers atalipinda m'kamwa mwawo. Pa ntchito yotereyi a Nkhata adaphunzira chinthu chimene anyamata a m'tauni ambiri ankachinyoza, ndicho kukhala pansi n'kumvetsera nkhalamba ikuyimba. Adaona kuti nyimbo ya kumudzi ili ndi malamulo ake, ili ndi poyambira ndi polandirira, ndipo si chinthu chochita nacho manyazi pamaso pa ophunzira. Paja akuluakulu adati mawu a akulu akoma akagonera.

Cha m'ma 1950 a Nkhata adalowa ntchito pa wailesi ya ku Lusaka. Wailesiyi idayamba m'nthawi ya nkhondo pofuna kufalitsa nkhani za asilikali, koma pambuyo pake idakulitsidwa n'kukhala ya anthu akuda a mayiko atatu, Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Inkaulutsa m'Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chishona, Chindebele ndi Chingerezi. Vuto linali lakuti munthu wamba sakadatha kugula wailesi, ndipo kumidzi kunalibe magetsi. Mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la atsamunda kumeneko, Harry Franklin, adavutika kufunafuna kampani yoti ipange wailesi yotsika mtengo, mpaka a Ever Ready a ku Britain adavomera. Mu 1949 idatuluka wailesi ya batire yogulidwa mapaundi 5, yozungulira ngati sefuliya yophikira, ndipo n'chifukwa chake idatchedwa Saucepan Special. Kasefuliya kameneka kadalowa m'makomboni, m'magolosale ndi m'mabwalo a mafumu. Pulogalamu imene anthu ankaikonda koposa inali ya dzina la Chinyanja, Zimene Mwatifunsa, momwe matchona ankalembera makalata kupempha nyimbo ndi kupereka moni kwa abale awo. Ndipo mafunde a wailesi sapempha chiphaso pamalire. Petauke, Katete, Dedza ndi Ntcheu akamva, ndiye kuti Marávia, Chifunde ndi Angónia sali kutali.

Pa wailesipo a Nkhata ankaulutsa mawu, kumasulira nkhani ndi kusonkhanitsa nyimbo, komanso adakhazikitsa gulu lawo loyimba la anthu anayi. Apa ndi pamene padaonekera nzeru zawo. Kakhwatchulidwe ka gitala adakatenga kwa makauboyi. Kagwirizanitsidwe ka mawu, wina pamwamba wina pansi, kanali kofanana ndi ka magulu a anthu akuda a ku America ndi a ku Joni amene mbale zawo zinali ponseponse masiku amenewo. Koma zophikidwa mumphika wobwerekawo zinali zakwawo. Ankatenga nyimbo za kumudzi n'kuzikonza kuti ziyende ndi gitala, ankapekanso zawo zonena za chikondi ndi za moyo wachilendo wa m'tauni, ndipo ankayimba m'Chibemba, m'Chinyanja ndi m'zilankhulo zina za dzikolo. Mayina a nyimbo zawo okha akuchitira umboni. Ilipo Shalapo, lomwe ndi liwu la Chibemba lotsanzikira wotsala. Ilipo Taxi Driver, ya dzina la ntchito imene agogo awo sadaidziwe. Iliponso Kalindawalo ni Mfumu, yotchula mfumu yaikulu ya Ansenga a ku Petauke, anansi a abale athu a ku Zumbo ndi Marávia. Munthu womvetsera pa kasefuliya kaja ankamva gitala la m'mafilimu likutchula mfumu ya kwawo. Kodi pali ukapolo wa m'maganizo pamenepo?

Komatu kutchuka kuli ndi minga yake. Mu 1953 atsamunda adakakamiza chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene anthu akuda ambiri adachikana kwamtuwagalu. Wailesi ya ku Lusaka inali ya boma, ndipo anthu adayamba kuyang'ana ogwira ntchito pamenepo ndi diso lokayika. Nthawi yomweyo kudabuka mphekesera za anthu opopa magazi, amene ku Zambia amati banyama, ku Malawi amati anamapopa, ndipo ife kuno tidazimvapo m'dzina la chupa-sangue. Ena mwa oulutsa mawu amene dzulo lake anthu ankawayimbira m'manja adayamba kulozedwa chala kuti ndi ogulitsa anzawo. Peter Fraenkel, amene ankagwira nawo ntchito pa wailesipo, adasimba za nyengo yowawitsa imeneyi m'buku lake lotchedwa Wayaleshi la mu 1959, momwenso a Nkhata akutchulidwa. Woyimba wodya za boma koma woyimbira anthu wamba amakhala ngati wayima pakati pa njovu ziwiri. A Nkhata mbali yawo idadziwika, pakuti luso lawo adaliperekanso ku nkhondo ya ufulu, nayimba nyimbo zochirikiza chipani cha UNIP cha a Kenneth Kaunda. Chitaganya chidatha mu 1963, ndipo Zambia idalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964.

Dziko litamasuka, a Nkhata adakwezedwa mpaka kukhala mmodzi wa akuluakulu oyendetsa wailesi ya Zambia Broadcasting Services. Koma mpando wa mu ofesi sudawalande gitala. Adakhazikitsa Lusaka Radio Band, imene pambuyo pake idadziwika ndi dzina la Big Gold Six, ndipo ntchito ya bandiyo inali yomwe ija: kutenga nyimbo zojambulidwa kumidzi n'kuzikonza kuti ziyimbidwe ndi zida zamakono. Amene sadatsogolerepo bandi amaganiza kuti ndi ntchito yongoyima kutsogolo n'kumwetulira. Ayi ndithu. Mtsogoleri ndiye amasankha nyimbo, amagawa mawu, amaonetsetsa kuti anyamata afika pokonzekera ali bwinobwino, amafuna ndalama za nsambo zikaduka, ndipo amagawa malipiro mosakondera kuti gulu lisapasuke. Mutu umodzi susenza denga, koma denga lopanda mzati wa pakati limagwa. Pamene a Kaunda adalamula, pakati pa zaka za m'ma 1970, kuti nyimbo zambiri za pa wailesi zikhale za m'dziko momwemo, munda adaupeza utalimidwa kale ndi anthu onga a Nkhata. Magulu a Zamrock ndi a kalindula adafesa m'mizere yokonzedwa kale.

Tiyerekeze pang'ono ndi anzawo a msinkhu umodzi. Hank Williams adachotsedwa pa pulogalamu yotchuka ya Grand Ole Opry mu 1952 chifukwa cha uchidakwa, ndipo pa 1 Januwale 1953 adapezeka atafa kumpando wa kumbuyo kwa galimoto, ali pa ulendo wokayimba. Adali ndi zaka 29 zokha. Ku Bulawayo kudali George Sibanda, katswiri wa gitala amene Tracey adamujambula, mwini nyimbo ya Guabi Guabi imene pambuyo pake oyimba a ku America monga Ramblin' Jack Elliott ndi Arlo Guthrie adaitenga n'kumaiyimba kwawo. Inde, kubwerekana kudapita mbali zonse ziwiri. Koma naye Sibanda mowa udamutenga asanakalambe. Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Malo amene nyimbo zoterezi zimabadwira ndi omwewo amene amadya ana ake, pakuti woyimba wa m'bala aliyense womukonda amamugulira botolo, ndipo kukana kumaoneka ngati mwano. A Nkhata adatenga nyimbo ya m'bala koma moyo wa m'bala adausiya pakhomo. Adagwira ntchito yawo kwa zaka zoposa makumi awiri, napuma, n'kupita kukalima ku famu yawo ku Mkushi.

Zikadakhala kuti dziko lino limalipira anthu molingana ndi ntchito zawo, bwenzi atakalambira pakhonde akuyimbira adzukulu. Koma chakudza sichiyimba ng'oma. M'zaka zimenezo nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe idali itafika povuta, ndipo boma la Ian Smith linkawoloka malire kukaphulitsa misasa ya omenyera ufulu m'mayiko oyandikana nalo. Ife a chigawo chino sitifunika kuuzidwa, pakuti mu Novembala 1977 ndege zomwezo zidaphulitsa Chimoio kenaka Tembue, kuno kwathu ku Tete. Mu Seputembala 1978 asilikali a ZIPRA a Joshua Nkomo adagwetsa ndege ya anthu wamba ya Air Rhodesia pafupi ndi Kariba, ndipo pobwezera, pa 19 Okutobala chaka chomwecho, asilikali a Smith adalowa mu Zambia n'kuukira misasa ya ZIPRA pafupi ndi Lusaka komanso ku Mkushi. Msasa wa ku Mkushi udali wophunzitsirako atsikana, ndipo ambiri adafera pomwepo. M'chipwirikiti chimenecho Alick Nkhata adaphedwa, ali ndi zaka 56. Munthu amene adapulumuka nkhalango za Burma adafera pafupi ndi munda wake, patangotsala chaka ndi theka kuti Zimbabwe imasuke.

Dziko la Zambia silidawayiwale. Mukapita ku Lusaka mudzapeza msewu wa Alick Nkhata, ndipo likulu la wailesi ndi kanema wa ZNBC lili mumsewu womwewo. Mu 1991 kampani ya RetroAfric ya ku London idasonkhanitsa nyimbo zawo zakale m'chimbale chotchedwa Shalapo, ndipo mu 2025 kampani ya Mississippi Records ya ku America idatulutsa china chotchedwa Radio Lusaka. Tangoganizani: dziko lomwe lija lidatumiza nyimbo za makauboyi kuno, lero anthu ake akutulutsa ndalama kugula nyimbo za mwana wa ku Kasama. Akadakhala kuti a Nkhata ankangoyimba nyimbo za Rodgers m'Chingerezi, ndani akadazifuna? Ali nazo kale kwawo, ndipo eni ake adaziyimba bwino kuposa aliyense wotsanzira. Chimene akugula ndi chimene kwawo kulibe.

Njira imeneyi sadayendemo okha. Ku Malawi, Daniel Kachamba wa ku Chileka ndi mng'ono wake Donald adatenga kwela ya ku Joni n'kuisandutsa yawoyawo, mpaka kukayimba ku Ulaya. Allan Namoko wa ku Thyolo, wosaona, adatenga banjo n'kuyimba mavuto a anthu a kumudzi ndi Chimvu River Jazz Band mpaka imfa yake mu 1995. Ambiri a ife amene tidathawira ku Malawi m'zaka za nkhondo, tisanabwerere pambuyo pa mgwirizano wa mtendere wa mu 1992, tidamva nyimbo zimenezi pa MBC ndipo tidabwera nazo m'mitu. Palibe amene adafunsa kuti banjo ndi ya mtundu wanji. Tinkamva kuti munthuyu akunena za ife, basi.

Tsono tibwere kuno kwathu. Achinyamata a ku Degue ali ndi mwayi umene a Nkhata sadaulotepo. Foni ya m'thumba imajambula mawu bwino kuposa makina amene Tracey ankanyamula pa lole. Timasitudiyo ta kompyuta tili m'makwalala ambiri a mzinda uno. Koma tamverani zimene zikutulukamo. Wina akufuna kumveka ngati wa ku Lagos, wina ngati wa ku Joni, wina ngati wa ku Luanda, ndipo ukatseka maso sungadziwe kuti woyimbayo amamwa madzi a Zambezi. Sindikunena kuti alekeretu kubwereka. Amapiano, sungura, kizomba, ngakhale country yomweyo, tengani zonse, pakuti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma lumo la mlendo umametera mutu wako, sumeta wa mlendoyo. Funso limene woyimba aliyense ayenera kudzifunsa asanalipire situdiyo ndi ili: m'nyimbo yangayi muli chiyani chimene mnyamata wa ku Lagos sangathe kuyimba?

Ndipo zoti tiyikemo sizikusowa. Chigawo chino chili ndi nyanga za Anyungwe, zitoliro zija amuna amayimba akuvina mozungulira, aliyense ndi mawu ake, zimene Andrew Tracey, mwana wa Hugh, adachita kubwera kudzaziphunzira n'kulemba za izo mu 1971. Tili ndi valimba, bangwe, mafuwe, chintali, ngoma ya Angoni, ndi Gule Wamkulu amene bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005. Tili ndi zilankhulo zokoma, Chinyungwe, Chinyanja ndi Chisena, zimene wailesi ya Rádio Moçambique ya chigawo chino imaulutsira mawu. Nkhani zoti tiyimbe nazonso zili mbwee: mabanja amene adasamutsidwa chifukwa cha migodi ya malasha, mwamuna amene adapita ku Joni n'kuleka kuyimba foni, mtsikana wogulitsa masau ndi malambe pamsewu, mnyamata wa njinga yamoto wothamangitsana ndi ndalama ya bwana wake dzuwa lili pamutu. Zimenezi ndizo honky-tonk zathu. Hank Williams akadabadwira kuno sakadasowa choyimba ngakhale sabata imodzi.

Choopsa n'chakuti nkhokwe imene a Nkhata adatapamo ikutha tikuona. Nkhalamba zimene zimadziwa kuyimba nyanga ndi bangwe, zimene zimakumbukira nyimbo za pamtondo, za m'bwato ndi za pa chibalo, zikupita imodziimodzi, ndipo nkhondo ya zaka 16 idadula kale mzere wa ophunzira. Nkhalamba ikayikidwa m'manda ndi nyimbo makumi asanu m'mutu, palibe situdiyo imene ingazibweze. A Nkhata tikuwamva lero chifukwa wina adayika makina patsogolo pawo, ndipo iwo adali ndi choyimba chifukwa adayamba ayika makina patsogolo pa ena.

N'chifukwa chake pempho langa sabata ino likupita kwa inu anyamata ndi atsikana a magitala ndi makiyibodi. Loweruka likudzali, musanapite kobwereza nyimbo za ena, tengani foni yanu mupite kwa agogo a m'dera mwanu. Gwadani, perekani moni, nyamulaniko kasopo kapena kashuga, ndipo pemphani kuti akuyimbireni. Funsani tanthauzo la mawu amene simukuwamva, lembani dzina la nyimbo, la woyimba ndi la mudzi umene idachokera, ndipo musasunge pa foni imodzi yokha poti mafoni amabedwa. Mukadzaikonza nyimboyo n'kupeza nayo kangachepe, mukumbukire mwini wake. Inunso eni mabaraka amene mumayitana magulu kudzayimba, woyimba mulipireni ndalama, osati mabotolo, pakuti botolo silidagulepo nsambo ya gitala kapena yunifolomu ya mwana. Ndipo aphunzitsi ndi akuluakulu a zachikhalidwe m'mabairro athu, tsegulani zitseko kuti zojambulidwazo zikhale ndi posungira.

Zengerezu adalinda kwawukwawu, abale anga. Amene muli ndi mbale kapena makaseti akale a Alick Nkhata m'masutikesi a makolo anu, kapena mukukumbukira kasefuliya kaja kakuyimba pabwalo la mfumu, tilembereni kudzera kwa mkonzi kuti tidzagawane ndi awerengi ena.